Ng'ombe Zanga m'Khola la Eni

Ana inu, Tadala ndi Mphatso, dzulo ndinakukalipirani mpaka Mphatso anakabisala kuseri kwa sofa. Agogo anu aakazi akuti ndipepese. Sindipepesa. Ndikufotokozerani, basi. Amayi anu akuwerengerani pepalali mpaka mumve, chifukwa Chichewa mumachimva bwinobwino, kungoti pakamwa panu pamatuluka Chingerezi chokhachokha ngati wailesi.

Kandalama kaja munakatenga m'mbale ya pashelefu n'kumakagubuduza pansi, kaja kali ndi nkhunzi ya ng'ombe mbali imodzi, kanatsala pang'ono kulowa kuseri kwa hita. Tadala, iwe unati n'kachabechabe. Zoona, sungagule nako ngakhale switi pa Tallaght pano, kudziko la azungu kuno, kanatha ntchito iwe usanabadwe. Koma kandalama kameneko kanandichitira umboni tsiku limene ndinalibe mboni. Ndiye khalani pansi.

Ine ndinakulira ku Chikwawa, kuchigwa, kumene dzuwa limaotcha mpaka mbuzi zimalimbirana mthunzi wa ngolo. Bambo anga, amene ndi agogo a Chisomo, amayi anu, anali ndi ng'ombe zisanu ndi imodzi. Zinalibe nambala. Zinali ndi maina, ndipo iliyonse inkadziwa dzina lake. Panali Khwangwala, yakuda ya pachifuwa poyera. Panali Mkanda, yofiira, yokonda kupha mipanda ya eni. Mkaka tinkausiya m'chipanda masiku awiri kuti ukhale chambiko. Inu mumadya kayogati ka m'kapu kokhala ndi chithunzi cha sitiroberi n'kumati mwadya mkaka. Chambiko cha kwathu ukamwa m'mawa, unkalondola ng'ombe mpaka kudibi n'kubwerako osamva njala. Dibi, Mphatso, ndi dzenje la madzi a mankhwala mmene ng'ombe zinkasambira kuti nkhupakupa zife. Si dziwe losambira anthu ngati lanu lija la Loweruka.

Tsono kwathu kunali mwambo umene muyenera kuudziwa, chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepo. Timautcha kuikiza. Munthu wanzeru sankasunga ng'ombe zake zonse pakhomo pake. Zikaoneka zambiri, anthu amachita kaduka, achibale amabwera kudzapempha pamaliro ndi paukwati, ndipo matenda akalowa m'khola amasesa zonse kamodzi. Ndiye unkatenga zina n'kukazisiya m'khola la mbale wako. Iye amamwa mkaka, amathira ndowe m'munda mwake, mwina umam'patsa thole zikaswana. Koma ng'ombe n'zako. Panalibe pepala. Kupempha mbale wako kuti asayinire kunali kum'tukwana.

Bambo anga anaikiza ng'ombe zinayi kwa msuweni wawo, a Thomu, amene khola lawo linali kufupi ndi mtsinje kumene msipu sunkauma. Khwangwala ndi Mkanda zinali m'gulu limenelo.

Chaka chimene ndinali Folomu 4, madzi anabwera. Kwathu kunalibe ndi mtambo womwe, mvula inagwa kumapiri, ife tinangoona mtsinje ukukwera m'minda dzuwa likuswa mtengo. Pofika masana khola la a Thomu kunalibe. Mapira onse anagona m'matope. Miyezi yotsatira tinkadya nyika, timizu ta m'madzi towawa tija, ndipo ndikakumvani mukudandaula kuti mbatata yokazinga yazizira, ndimangoyang'ana kudenga.

Kenaka tinamva kuti boma lithandiza amene anataya ziweto. Kunabwera alembi awiri, anaika tebulo pakhonde la sukulu. Bambo anga anavala jekete, anaima pamzere tsiku lathunthu, chipewa chili m'manja. Ine ndinali pambuyo pawo.

"Bambo, ng'ombe zanuzo zinafera m'khola la yani?" anafunsa mlembi.

"La asuweni anga, a Thomu."

"A Thomu tawalemba kale. Zonse za m'khola limenelo zalowa pa dzina lawo. Wotsatira!"

A Thomu anali pomwepo, pansi pa mtengo. Bambo anawayang'ana. A Thomu anayang'ana zala za kumapazi awo.

Ine sindikudziwa kuti manja anga anafika bwanji patebulo lija. Ndinangomva khoo! Mabuku uko, inki uko, mlembi ali chagada. Ndinagona masiku awiri kupolisi. Bambo atabwera kudzanditenga sanandimenye. Tinayenda mtunda wonse, ndipo titayandikira kwathu anangoti, "Wagubuduza tebulo. Nanga ng'ombe zabwera?"

Chithandizo chitafika, bambo anapita kwa a Thomu mwaulemu. A Thomu anati, "Asuweni, boma linalemba ine. Ndikakugawirani adzati ndinanama, andimanga." Zinathera pamenepo. Ng'ombe ziwiri zotsala zinagulitsidwa chaka cha njala chomwecho. Bambo anga anamwalira goli lili chipachikire kudenga la nkhokwe, lopanda khosi loti likolekedwepo. Ine ndinalumbira pamanda pawo kuti sindidzaikiza ngakhale nkhuku.

Tamvani tsopano mmene munthu wolumbira amapusira.

Za mmene ndinafikira kuno ndidzakuuzani mukadzamera mano onse. Mudziwe chabe kuti ndinakhala zaka m'hositelo ndikudikira mapepala, osaloledwa kugwira ntchito, munthu wamkulu wandevu kumaima pamzere wa chakudya ndi thireyi. Mapepala atatuluka ndinalowa ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo, imene ndikugwirabe. Tsiku lina anandituma kwa mlimi wina kunja kwa mzinda, kupitirira Saggart, chakumidzi ya Kildare. Ndinkakwera Luas, kasitima ka mumzinda kaja, mpaka pothera, kenaka basi, kenaka wapansi m'kamsewu kopapatiza mphepo ikuluma makutu. Mlimiyo dzina lake a Fintani, nkhalamba yoferedwa mkazi, atangochitidwa opaleshoni ya chiuno.

Tsiku loyamba ndinaima pampanda pakamwa pali yasa. Ng'ombe iliyonse yavala ndolo zachikasu makutu onse awiri, zolembedwa nambala. A Fintani anandionetsa bokosi la makhadi, ng'ombe iliyonse khadi lake, tsiku lobadwa, mayi wake, zonse. Ndinaseka mpaka misozi. Ine ndinadikira zaka kuti dziko lino lindipatse pepala, pamene thole la kuno limapeza pepala lisanasiye kuyamwa!

A Fintani anali munthu wovuta. Sankafuna kusambitsidwa, sankafuna mankhwala, tiyi wanga ankati ndi madzi otsukira mbale. Ine ndinkawayankha. Agogo anu aakazi ankati tsiku lina adzatipeza tonse awiri m'nyuzipepala. Koma m'mawa wina ndikuwaveka masokosi, ndinaona akuyang'ana pawindo, akutukwana chapansipansi. Ng'ombe ina inali kuvutika kubereka, dokotala wa ziweto ali kutali. Ndinavula malaya a ntchito, ndinapaka sopo mkono mpaka paphewa, ndinalowetsa dzanja ndi kupeza mwendo wa thole utapindikira kumbuyo. Ndinauwongola monga ankachitira bambo anga. Thole linatuluka lamoyo. Nditabwerera m'nyumba ndili thapsa ndi magazi, a Fintani anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe si nesi," anatero m'Chingerezi chawo chothamanga chija. "Ndiwe munthu wa ng'ombe amene waba malaya a nesi."

Chiuno chitapola, ntchito yanga pakhomo paja inatha. Koma ine ndinapitiriza kupitako Loweruka lililonse, mwa ine ndekha, popanda malipiro. Ndinkafuna fungo la khola. Inu mukatseka mphuno m'galimoto tikamadutsa m'minda, dziwani kuti ine agogo anu aamuna ndimatsegula windo dala.

Patapita zaka ziwiri ndikusunga pang'onopang'ono, ndinawauza a Fintani kuti andigulitse misoti iwiri. Tinakangana za mtengo kuyambira pakhola mpaka m'khitchini, ine ndikuti akufuna kundisenda khungu, iwo akuti ndikufuna kuwaika m'manda ali amphawi. Titagwirizana, anathira malovu m'dzanja lawo n'kumenya m'dzanja langa, pha! Ndinawapatsa ndalama pamanja, chifukwa a Fintani ankadana ndi banki ngati njoka. Kenaka anatsegula botolo lakale limene linkakhala pawindo, anatulutsamo kandalama kaja ka nkhunzi, n'kundipatsa.

"Ka mwayi," anatero.

Ine mtima unanyamuka. Ndawapatsa ndalama zenizeni, thukuta la zaka ziwiri, iwo akundibwezera kandalama kakufa? Ndinayesa akundinyoza. Nditafika kunyumba ndinakaponya patebulo, kanagwera pansi, agogo anu aakazi anakatola.

"Bambo a Chisomo, pepala la ng'ombezo lili kuti?" anafunsa.

"Pepala lanji? Tamenyana m'manja."

"Ndiye zalembedwa pa dzina la yani?"

Apa m'pamene pali nkhani, ana inu. Kuno ng'ombe siingakhale pa dzina la munthu wopanda khola lolembetsedwa. Ine khola ndikanalitenga kuti, m'nyumba yosanja ya pa Tallaght? Pakhonde pomwe timayanika zovala? Ndiye ng'ombe zanga zinatsala pa nambala ya khola la a Fintani.

"Mwaikiza," anatero agogo anu.

"A Fintani si a Thomu!"

"A Thomu nawonso sanali a Thomu madzi asanabwere."

Ndinawakalipira kuti akazi sadziwa za ng'ombe. Iwo anangoika kandalama kaja m'mbale ya pashelefu.

Misoti ija ina inali yakuda ya mawanga oyera, ina yofiira. Mukudziwa kale maina amene ndinaipatsa: Khwangwala ndi Mkanda. A Fintani lilime linkawakanika, ankangoti Kwangi. Nambala za pamakutu sindinaziyang'ane n'komwe. Ndiziyang'aniranji? Mwana wako umamudziwa ndi nambala?

Kenaka inafika nyengo yozizira ija mvula inakana kusiya. Tadala, mwina ukukumbukira, unali utangoyamba sukulu, nsapato zako sizinkauma. Kumunda kwa a Fintani kuli kamtsinje kamene ine ndinkakaseka kuti kwathu tikanakatcha ngalande. Kamtsinje kameneko kanadzuka. Ng'ombe zinali kumunda wa kumunsi. A Fintani, nkhalamba yosamva ija, analowa m'madzi ofika m'chiuno kukatsegula geti. Zambiri zinatuluka. Zina zinapanikizika pampanda wa waya. Khwangwala anali m'gulu limenelo, ali ndi bere loyamba. Patapita masiku awiri a Fintani anagwa m'khitchini, sitiroko. Anawatengera kuchipatala kuno ku Tallaght, mbali yakumanja itafa, pakamwa patatsekeka.

Ndinam'peza Khwangwala atagona m'matope madzi ataphwera. Ndikuuzeni zoona, misozi isanabwere, dzanja linayamba lapita kuthumba kufuna mpeni. Kwathu ng'ombe yofa ndi madzi siidikira, mumasenda msangamsanga, kulenga nyama, kufutsa pamoto, mudzi wonse kudyako. Kuno ukayerekeza, unjatidwa. Kumabwera lole yonyamula ziweto zakufa, amawerenga nambala ya pakhutu, amasiya kapepala, n'kumapita. Ndinaima ndikuyang'ana lole ija ikukwera kamsewu, miyendo ya ng'ombe yanga ikugwedera pamwamba.

Sipanapite nthawi tinamva kuti boma lithandiza alimi amene anataya ziweto ndi udzu m'madzi aja. Panali fomu yoti mudzaze, kulembapo nambala ya ng'ombe iliyonse yakufa, kuphatikiza kapepala ka lole, n'kutumiza tsiku loikika lisanadutse. Nditamva zimenezi ndinakumbukira kwathu. Ndinaona khonde la sukulu lija, ndinaona chipewa cha bambo anga.

Amene ankayendetsa zonse anali mwana wamkazi wa a Fintani, dzina lake Ola, wogwira ntchito ya muofesi, wokhala ku Citywest. Ine anali atandiona mwina kawiri kapena katatu. Ndinam'peza m'khitchini ya bambo ake, makhadi a ng'ombe ali mbwee patebulo, maso ali psuu ndi kusagona. Anandiuza kuti ng'ombe zotsala azigulitsa zonse kumsika mwezi ukamatha, chifukwa panalibenso wozisamala.

"Ziwiri mwa ng'ombezi n'zanga," ndinatero. "Ina yafa, ina ili moyo."

Anakweza mutu. "Zanu? Nambala zake ndi ziti?"

"Khwangwala ndi Mkanda."

"Nambala, bambo Lufeyo."

Ndinalibe.

"Risiti muli nayo? Kalata? Uthenga wa pafoni?"

"Tinamenyana m'manja."

Analankhula mofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunandiwawa. "Bambo Lufeyo, inu munalowa m'nyumba muno ngati wosamalira bambo anga ali odwala. Lero sangathe kulankhula, ndiye mukuti anakugulitsani ng'ombe popanda pepala. Mukudziwa mmene zimenezi zikumvekera?"

Ana inu, dzanja langa linagwira m'mphepete mwa tebulo lija. Ndinalimva kupepuka kwake, linali tebulo loti chala chimodzi chikanakwana. Ndiye ndinamva mawu a bambo anga pamsewu uja. Ndinachotsa dzanja. Koma pakamwa sindinathe kupagwira. Ndinakalipa m'Chichewa chenicheni cha kuchigwa, ndikumuloza chala, ndikuti ndiwe Thomu, Thomu weniweni wovala siketi! Mtsikana uja anangoti kakasi, n'kufunsa kuti, "Thomu ndiye ndani?" Ndinamenyetsa chitseko n'kutuluka.

Kunyumba agogo anu anandiyang'ana nkhope kamodzi. "Mwagubuduza tebulo?"

"Ayi."

"Ndiye mwayamba kukula. Mawa mubwererekonso."

Ndinabwererako. Tsiku lililonse limene ndinalibe shifiti ndinkakwera Luas, basi, wapansi. Ndinkadyetsa ng'ombe zonse, zanga ndi za eni, ndinkatulutsa udzu wovunda m'shedi, ndinkakonza mpanda. Mumtima ndinali nditatsimikiza kuti Mkanda akwera lole ya kumsika pokhapokha atandiponda ine kaye. Ndipo ulendo uliwonse ndinkabwera ndi umboni wina.

Ndinamuonetsa Ola zithunzi za pafoni, ine nditakoleka dzanja pakhosi pa Khwangwala. Anati aliyense akhoza kujambulitsa ndi ng'ombe. Ndinabweretsa pepala la kubanki loonetsa tsiku limene ndinatapa ndalama. Anati likuonetsa kuti zinatuluka, koma osati kumene zinalowa. Ndinamutengera kumpanda, ndinaitana, "Mkanda! Mkanda iwe!" Ng'ombe yanga inasiya zinzake, inabwera ikuthamanga, inaika mphuno m'dzanja langa. Ndinamuyang'ana Ola monyadira. Anati, "Imabwera chifukwa mumaipatsa chakudya."

Ndinafuna kuphulika. Koma ndili m'basi pobwerera ndinaganiza mofatsa, zimene sizichitika kawirikawiri, ndiye muzilembe. Mtsikana uja sanali Thomu. A Thomu ankadziwa zoona n'kuyang'ana pansi. Ola sankadziwa, ankangolondera katundu wa bambo ake amene sakanatha kudzilondera. Amayi anu atachita chimodzimodzi ine nditagona m'chipatala, ndikananyadira. Wopusa pankhaniyi anali mmodzi, ndipo ndi amene akukulemberaniyu.

Kutatsala masiku atatu kuti fomu itumizidwe, ndinali nditakhala pampando uwu, umboni utandithera. Agogo anu anapita pashelefu, anatenga kandalama kaja, n'kukaika m'dzanja langa.

"Pitani nako kuchipatala."

"Kandalama kakufa kakachita chiyani, amake Chisomo?"

"Mwini wake sanafe. Pakamwa m'pamene patseka, maso alipo. Ngati sikakachita kanthu, mukawabwezere, malonda athe mwaulemu. Koma musakakalipe m'chipatala, mundichititsa manyazi, anthu a kutchalitchi kwathu amagwira ntchito mmenemo."

Ndinapita masana, nthawi yoona odwala. A Fintani anali atawakhazika tsonga ndi mapilo, nkhope itakhotera mbali imodzi. Munthu amene ankatukwana mpaka agalu kubisala, tsopano ali zii. Ola anali pampando pambali pawo. Atandiona anaimirira kuti anditsekereze, koma ndinati sindinabwere kudzakangana. Ndinayandikira bedi, ndinaika kandalama kaja pabulangete.

"A Fintani, ndabwera kudzabweza aka. Mwana wanu akuti sitinagulane, ndipo ine ndilibe pepala. Kulakwa n'kwanga."

Nkhalamba ija inayang'ana kandalama, inayang'ana ine. Nkhope inayamba kufiira, kufiira kuja ndinkakudziwa bwino, kwa munthu amene akufuna kutukwana. Dzanja lamanzere linatola kandalama. Kenaka linandigwira pamkono, mwamphamvu ngati pulayala, n'kutembenuza chikhatho changa. Anayesa kuthira malovu m'dzanja lawo, malovu anagwera pachibwano. Sanasamale. Anamenya m'dzanja langa, pha! Anakanikiziramo kandalama kaja, anapinda zala zanga chimodzichimodzi. Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo, anaimika zala ziwiri.

Ola anagwira pakamwa. "Tandionetseni," anatero. Ndinatambasula dzanja. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Ndi ka m'botolo la agogo anga aka," anatero. "Kuno wogulitsa ng'ombe amabwezera wogula kandalama ka mwayi. Bambo anga amapereka timeneti kwa munthu amene wagula ng'ombe pakhomo pawo, osati wina aliyense. Ngakhale ine sanandipatsepo. Ndili mwana ndinatengamo kamodzi kuti ndiseweretse, anandikalipira mpaka ndinakabisala m'shedi."

Mphatso, wamva? Si iwe woyamba.

Kenaka anandifunsa, misozi ili m'maso koma akuseka, kuti bwanji sindinakaonetse tsiku loyamba lija. Ndinati ndinkayesa kuti bambo ake ankandinyoza. A Fintani anatulutsa kamawu kena kukhosi, ndipo ine ndikutsimikiza kuti kanali kotukwana.

Ola anatulutsa makhadi m'chikwama pomwepo. Ankawerenga nambala imodziimodzi, bambo ake ali duu. Atafika pa ya Khwangwala, nkhalamba inamenya bedi. Atafika pa ya Mkanda, inamenyanso. Tsiku limenelo m'pamene ndinadziwa nambala za ng'ombe zanga, ina itafa kale.

Musaganize kuti zonse zinakhala bwino ngati m'kanema. Dzina langa silinalowe pafomu ya boma, lamulo silinasinthe chifukwa cha kandalama. Fomu inapita pa dzina la khola la a Fintani. Koma Ola analemba kalata, anasayina, nanenso ndinasayina, yonena kuti gawo la nambala ya Khwangwala ndi langa. Chithandizo chinachedwa miyezi, monga chimachitira chithandizo cha boma kulikonse, ndipo chitafika sichinakwane kugula ng'ombe ya bere. Chithandizo cha boma sichibweza ng'ombe, ana inu, chimangokuthandiza kuimirira. Koma Ola ananditumizira tsiku lomwelo chinalowa, ndisanafunse. Ndinakhala pampando uwu ndikuyang'ana foni, ndinaganiza za bambo anga, ndipo agogo anu anapita kukhitchini dala kuti asandione.

Mkanda sanakwere lole ya kumsika. A Fintani sanabwererenso kumunda, ali kunyumba yosungirako okalamba, ndimapitako kukawameta ndevu ndipo amandimenyabe dzanja ndikawacheka. Munda anabwereketsa kwa mlimi woyandikana nawo, ndipo Mkanda anasamukira pa nambala ya khola la ameneyo. Inde, ndikuikizabe. Munthu wokhala m'nyumba yosanja alibe njira ina. Koma tsopano pali pepala, makope atatu, lina lili m'sutikesi ya agogo anu pansi pa zitenje. Mlimiyo nditamuuza kuti tilemberane, anati dzanja lake ndi lokwanira. Ndinati dzanja ndilandira, pepala ndilandiranso. Ndinaimbiranso mng'ono wanga kumudzi kuti mbuzi zimene anaikiza kwa alamu ake akalemberane. Anati ndasanduka mzungu. Ndinamukalipira mpaka mayunitsi anatha.

Tsono nkhani imene ndakusungirani ndi iyi. Mkanda wabereka sabata yatha, thole lalikazi, lofiira ngati mayi wake. Lavala kale ndolo zake zachikasu. Thole limenelo ndi lanu awirinu. Loweruka tikupita, ndipo sindikufuna kumva za mpira kapena za phwando la mnzanu. Muvale majombo, osati nsapato zoyera zija. Mphatso, iwe ukaliyang'ane bwinobwino, ukalipatse dzina, la Chichewa, loti likamaitanidwa lizibwera. Tadala, iwe uli ndi dzanja labwino, utenge cholembera. Ukawerenge nambala ya pakhutu mokweza, ukailembe papepala la mlimi uja, ndipo pansi pake mukalembe maina anu onse awiri, zilembo zazikulu.

Bambo anga anaima pamzere tsiku lathunthu chipewa chili m'manja, ndipo dzina lawo silinalembedwe paliponse. Anu alembedwa Loweruka, ine nditaima pomwepo.

Kandalamako mukhoza kukagwira. Koma mutakhala pansi, patebulo, ine ndikuona.